Mwana wabwera kwa inu, koma chigamulo cha khoti chikadalipo

Kawirikawiri zimayenda motere. Banja linatha, ana anatsala ndi mayi awo pamudzi pa akuchikazi, monga mmene chikamwini chimakhalira kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo khoti linalamula bambo kuti azipereka ndalama zosamalira ana mwezi ndi mwezi. Papita zaka ziwiri kapena zitatu, zinthu zasintha. Mwina mayi akwatiwanso ndipo mwamuna watsopanoyo sakugwirizana ndi mwanayo. Mwina apita ku Joni kukasaka ganyu, mwina akudwaladwala, kapena mwana wasankhidwira ku sekondale yomwe ili pafupi ndi kumene bambo akukhala. Mwana wanyamula kachikwama kake wafika kwa bambo. Mwezi watha, bambo sanatumize kalikonse, ndipo mumtima akuti: ndiperekerenji, poti mwanayo ndikudya naye mbale imodzi?

Funsolo ndi lomveka, ndipo nthawi zambiri bamboyo sakulakwa pofuna kuti ndalamazo ziime. Cholakwika ndi njira yake. Chigamulo cha khoti sichitha chifukwa choti mwana wasamuka. Chimatha pokhapokha khoti litachisintha kapena kuchichotsa, kapena nthawi yake ikakwana. Fayilo ili kukhotiko siidziwa kuti mwana tsopano akugona ku Luchenza osati kwa Mabuka. Imene ikudziwa ndi yakuti munalamulidwa kupereka zakutizakuti pamwezi, ndipo mwezi uliwonse umene simunapereke ukulembedwa ngati ngongole.

Tiyerekeze ndi manambala. Munalamulidwa K30,000 pamwezi. Mwana wabwera kwa inu mu Januwale, mwasiya kupereka osauza khoti. Papita chaka chathunthu ndi miyezi ina iwiri, kenako mwayambana ndi mayi ake pankhani ina, mwina ya munda kapena ya malata a nyumba imene munamanga kuchikamwini. Mayi apita kukhoti kukanena kuti simukutsatira chigamulo. Papepala muli ndi ngongole ya miyezi 14, yomwe ndi K420,000. Mudzafotokoza kuti mwana anali kwa inu, ndipo majisitireti akhoza kukumvetsani, koma tsopano ndinu amene mukudziteteza, mukusakasaka mboni za zinthu zakale, pamene mukadapita nokha mu Febuluwale nkhaniyo ikadakhala yaifupi.

Musanachite chilichonse, dziwani kaye kuti ndalama zimene mumaperekazo zinachokera pa chiyani. Anthu ambiri amangoti "anandilamula", osasiyanitsa amene analamula. Pali amene anagwirizana pamaso pa ankhoswe ndi mwini mbumba, kapena pabwalo la nyakwawa. Pali amene anakhalirana pansi kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi ya Social Welfare paboma, nasainirana pepala. Ndiye pali amene ali ndi chigamulo chenicheni cha khoti, chokhala ndi nambala ya mlandu, chidindo ndi siginecha ya majisitireti. Magulu awiri oyambawo ndi mgwirizano: mumabwerera komwe munaupangira, ndi anthu omwewo, n'kukalemba watsopano. Gulu lachitatu lokha ndilo limene mfumu, nkhoswe kapena wapolisi sangalithetse, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Pano ndi pamene ambiri amapunthwa. Akulu a mbali zonse akumana pansi pa mtengo, avomerezana kuti mwana apite kwa bambo ndipo ndalama ziime, adyera limodzi nsima, aliyense wabwerera kwawo mtima uli m'malo. Zonsezo ndi zabwino ndipo tikuzilimbikitsa, koma kukhoti palibe chasintha.

Malamulo amene akugwira ntchito pano ndi odziwika. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limati mwana aliyense ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena banja linatha, ndipo kuyambira mu 2017 mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lija amati Child Care, Protection and Justice Act, ndilo limapatsa khoti la ana mphamvu yonena amene akhale ndi mwana, amene azipereka chithandizo, komanso yosintha kapena kuchotsa chigamulo chimene linapereka kale. Lamulo la maukwati la 2015 nalonso limakhudza nkhaniyi ngati chigamulocho chinatuluka pa mlandu wothetsa banja. Onani kuti palibe paliponse pamene malamulowa amati udindo ndi wa bambo yekha kapena wa mayi yekha. Ndi wa onse awiri. N'chifukwa chake mwana akasamuka, udindo sumatha ayi, umangotembenuka: amene amalandira ndi amene tsopano angafunsidwe kuthandiza, molingana ndi mmene amapezera.

Tsono mukapita kukhoti, mukupempha zinthu ziwiri, osati chimodzi. Choyamba, khoti livomereze kuti mwana tsopano azikhala ndi inu. Chachiwiri, chigamulo cha ndalama chisinthidwe kapena chichotsedwe. Amene amapempha chachiwiri chokha amadzabwereranso, chifukwa papepala mwana amakhalabe wa m'manja mwa mayi ake, ndipo tsiku lililonse mayiyo angabwere kudzamutenga atanyamula chigamulo chakale.

Pitani kukhoti lomwe linagamula mlanduwo. Ngati unagamulidwa pa Mulanje boma, musakayambire ku Thyolo chifukwa choti ndi kumene mukugwira ntchito tsopano. Fayilo yanu ili komwe munaweruzidwira, ndipo ngati pali chifukwa chosamutsira mlandu, khoti ndilo linganene. Fikirani kwa kalaliki mutanyamula chigamulo chakale. Ngati chinatayika kapena chinanyowa ndi mvula, nambala ya mlandu ndi chaka chake zikuthandizani. Ngati nambalayo simukuikumbukira, tchulani mayina a nonse awiri monga mmene analembedwera ndi mwezi umene munaweruzidwa. Fotokozani kuti mukufuna kupempha kuti chigamulo chisinthidwe chifukwa mwana wasamuka. Mudzalemba chikalata cholumbirira, chonena tsiku limene mwana anabwera, chifukwa chake, amene anamubweretsa, sukulu imene akuphunzira ndi mmene mukumusamalira. Lembani zoona zokhazokha ndipo mwachidule. Kutukwana mayi a mwana m'chikalatacho sikuwonjezera kanthu. Ndalama iliyonse imene mwalipira pakhoti, tengani lisiti. Loya si wokakamiza pankhani ngati iyi, koma ngati yavuta ndipo mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau ntchito yawo ndi yothandiza anthu otere.

Kenako mnzanuyo ayenera kulandira samani. Ili si gawo lodumpha. Khoti silingachotse ndalama za mwana osamva mbali ya amene amazilandira, ndipo milandu yambiri imakhalitsa chifukwa samani sanafike. Perekani malo enieni: mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, chizindikiro chapafupi monga tchalitchi kapena chigayo, ndi nambala ya foni. Ngati mayiyo anawoloka pa Muloza ali ku Milange, kapena ali ku Johannesburg, nenani zimenezo poyera. Khoti ndilo lidzanene njira ina yomudziwitsira. Osanama kuti simukudziwa kumene ali pofuna kuti mlandu uyende msanga. Akadzabwera n'kuonetsa kuti sanauzidwe, chigamulo chimene munapezacho chikhoza kugwetsedwa.

Ngati nonse mukugwirizana, njira ndi yaifupi kwambiri, ndipo ndi imene ife timaikonda. Lembani mgwirizano wanu, musaine nonse pamodzi ndi mboni za mbali zonse, mupite limodzi kukhoti mukapemphe kuti ulembedwe ngati chigamulo. Mawu ake safuna luso. Akhoza kunena kuti kuyambira tsiku lakuti mwana wakuti, wobadwa chaka chakuti, azikhala ndi bambo ake kumalo akuti. Ndalama za pamwezi ziima kuyambira mwezi wakuti. Ngongole yotsala ndi yakuti ndipo idzaperekedwa motere, kapena palibe yotsala. Patchuthi mwana azipita kwa mayi ake. Mayi azithandiza ndi zakutizakuti. Mzere wa ngongolewo musauiwale. Ndi umene umadzabala mkangano patsogolo.

Umboni ndi pamene tiyenera kukhalitsapo, chifukwa mawu a pakamwa okha amatsutsika mosavuta. Majisitireti akufuna kuona kuti mwana wasamukadi, sanangobwera kudzacheza. Wamphamvu kwambiri ndi wa kusukulu: kalata ya thiransifa yochokera kusukulu yakale, ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu yatsopano yonena tsiku limene mwana analembedwa m'kaundula ndi dzina la kholo limene limabwera kumisonkhano. Buku la kuchipatala la mwana nalonso limalankhula, chifukwa limaonetsa chipatala chimene wakhala akupita ndi masiku ake. Kalata ya nyakwawa ya kumene mukukhala imathandiza, ndipo ngati mumakhala m'nyumba za pa esiteti, mnansi kapena mkulu wa pamalopo angakhale mboni. Malisiti a yunifolomu, makope, ndalama za mayeso ndi za kugonera kusukulu, zisungeni mu envelopu imodzi. Mauthenga a pafoni amene munkakambirana zoti mwana abwere musawafufute. Ndipo ngati mwana anabweretsedwa ndi malume ake, malumewo ndi mboni yofunika kwambiri, chifukwa kwathu kuno mwana sachoka pamudzi mwini mbumba osadziwa.

Apa tipatukeko pang'ono. Bambo wa chitengwa ndi bambo wa chikamwini sakumana ndi zofanana. Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja ana amawerengedwa a mbumba ya mayi, munda umene adzalime uli kwa amayi awo, ndipo akuchikazi ena amaopa kuti mwana akapita kwa bambo "watayika". Khoti siligamula potengera kuti ana ndi a mbumba iti. Limayang'ana zokomera mwana. Koma kupambana kukhoti mutadana ndi akuchikazi onse n'kumupweteka mwana yemweyo, poti mawa lino adzafuna malo kumeneko. Tumani nkhoswe yanu, kapena pitani nokha mukakhale pansi n'kunena mwaulemu: "Malume, mwanayu ndi wanu, sindikumulanda. Ndikufuna aphunzire ali pafupi ndi sukulu, ndipo patchuthi azibwera. Zakukhotizi ndikungokonza mapepala kuti mawa tisadzakangane." Mawu ochepa otero amachotsa ukali umene ukadatenga miyezi pamaso pa majisitireti.

Poganizira za amene akhale ndi mwana, lamulo la 2010 limauza khoti kuti liike patsogolo ubwino wa mwanayo, liganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, limve maganizo a mwana ngati ndi wozindikira, ndiponso lione ubwino woti ana a mimba imodzi asabalalike. Khoti likhozanso kutuma a Social Welfare kuti akaone pakhomo ndi kulemba lipoti. Iwo adzayang'ana pogona mwana, amene amamuphikira inu mukalawirira kukathyola tiyi, mtunda wa kusukulu, ndi mmene akukhalira ndi mayi omupeza ngati munakwatiranso. Adzalankhula ndi mwanayo payekha. Musamuphunzitse zokanena. Ana ophunzitsidwa amadziwika, ndipo chimene mwamusenzetsacho n'cholemera kuposa msinkhu wake.

Tinene mosabisa za chinthu chimodzi chimene chimatiwawa. Alipo abambo amene amatenga mwana osati chifukwa akumufuna, koma kuti athawe K30,000. Amamunyengerera patchuthi, osamubwezanso, n'kukamusiya kwa agogo ake kapena kwa mkazi watsopano amene sanafunsidwe n'komwe. Pakapita teremu imodzi mwana uja ali pamsika wa Limbuli kapena wa Bvumbwe ndi dengu la nthochi pamutu nthawi ya sukulu. Kumeneko si kusintha kwa wosunga mwana, n'kuphwanya chigamulo, ndipo mayi ali ndi ufulu wonse wopita kukhoti kapena ku Victim Support Unit sabata yomweyo. Amayi, musadikire kuti chaka chithe. Mwana akakhalitsa kwina n'kuyamba sukulu kumeneko, nkhani yomubweza imavutirapo. Ndipo amene akuganiza kuti kusunga mwana n'kotchipa kuposa kutumiza ndalama sanawerengetse bwino ufa, ndiwo, sopo, nsapato ndi usiku wa malungo.

Mbali inayo nayo ili ndi chilungamo chake. Mayi amene wapereka mwana mwakufuna kwake asapitirize kulandira ndalamazo ngati kuti palibe chachitika. Si zake, ndi za mwana, ndipo ziyenera kutsata kumene mwana ali.

Nanga pamene mukudikira tsiku la mlandu, mupereke kapena ayi? Chigamulo chikadali ndi mphamvu mpaka majisitireti atanena zina, choncho chotetezeka n'kupitiriza kupereka. Tikudziwa kuti kwa munthu wa malipiro a pa esiteti, makamaka miyezi yachilimwe pamene masamba achepa ndipo ntchito yaphwa, kudyetsa mwana kunyumba n'kumatumizanso ndalama kwina n'kosatheka. Ndiye chitani ziwiri. Fulumirani kukasuma, mkati mwa sabata ziwiri kapena zitatu mwana atafika, ndipo m'pempho lanulo nenani kuti khoti liimitse kaye ndalamazo mlandu usanathe, komanso kuti powerengera liyambire tsiku limene mwana anasamuka. Kuvomera kapena kukana ndi kwa khoti, koma chimene simunapemphe musayembekeze kuti chibwera chokha. Zonse zimene mukupereka m'nyengo imeneyi zikhale ndi chizindikiro. Ngati mumapereka kudzera kukhoti, pitirizani komweko ndipo sungani malisiti. Ngati ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani kuchokera pa nambala yanu kupita pa nambala ya mwini wake, osati kudzera kwa ejenti kapena kwa mlamu, chifukwa uthenga wokhala ndi mayina a anthu ena suonetsa kuti ndinu munapereka. Thumba la chimanga kapena ndalama ya pamanja, lembani m'kope, wolandira asaine kapena adinde chala.

Ngongole yakale ndi nkhani ina payokha. Ngati mwana asanabwere kwa inu munali mutadumpha miyezi isanu, kusamuka kwake sikuifafaniza. Miyezi imeneyo mayi anagula okha chakudya, mwina anachita kukongola kubanki mkhonde. Ivomerezeni, mupemphe kubweza pang'onopang'ono, ndipo ndondomekoyo ilembedwe m'chigamulo chatsopano.

Pamene ana ali angapo ndiye pamafunika kusamala kwambiri. Tinene kuti chigamulo chinati K60,000 pamwezi ya ana atatu, osagawa kuti aliyense zingati. Wamkulu wabwera kwa inu, awiri atsala. Mwachibadwa munthu amagawa patatu n'kuyamba kutumiza K40,000. Pakatha miyezi 10, fayilo ikuonetsa kuti mwaperewera K200,000. Komanso palibe chimene chimakakamiza khoti kugawa motero. Poika ndalama, lamulo limaliuza kuyang'ana zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chawo, ngati wina ali ndi vuto lomulepheretsa kugwira ntchito, ana ena amene akuwasamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Chigamulo chikakhala cha zaka zinayi zapitazo, mtengo wa chimanga ndi sopo sulinso pomwe unali, ndipo mayi akhoza kupempha pa mlandu womwewo kuti za ana awiri otsalawo zikwere. Pitani mukudziwa zimenezo, mutanyamula mapepala a malipiro a miyezi ingapo, ya dzinja ndi ya chilimwe yomwe, kuti khoti lione chaka chanu chonse osati mwezi wa masamba ambiri wokha.

Pali kusamuka kwina kumene sikuthetsa ndalama konse. Mwana akachoka kwa mayi kupita kwa agogo ake kapena kwa azakhali, inu simunamutenge. Wolandira ndiye wasintha. Pemphani khoti kuti ndalamazo zizipita kwa amene akumusungayo, ndipo dziwani kuti agogowo, ngakhalenso mphunzitsi, wa zaumoyo, wa Social Welfare kapena mwana mwini wake, lamulo limawalola kukapempha chithandizo kwa makolo onse awiri. Mwana amene ali kusukulu yogonera komweko sanasamuke. Tchuthi chachitali kwa bambo si kusamuka. Ndipo mayi kukwatiwanso sikuchotsa udindo wa bambo womubereka, ngakhale mwamuna watsopanoyo atakhala ndi golosale pa Chitakale.

Mwana akakwanitsa zaka 18 ali pasukulu, musangodula nokha tsiku lake lobadwa. Ambiri a msinkhu umenewo akadali Fomu 3 kapena Fomu 4, ndipo khoti likhoza kupitiriza chithandizo pamene akuphunzira. Werengani chigamulo chanu muone chimene chinanena za mathero ake. Ngati sichinanene, kafunseni kukhoti komweko. Safunsa anadya phula.

Majisitireti akagamula, ntchito siinathe. Mawu onenedwa m'chipinda cha khoti sakuthandizani kuofesi ina iliyonse mpaka atalembedwa. Funsani kalaliki tsiku lodzatenga chigamulo cholembedwa, chosainidwa ndi chodindidwa, ndipo musanachoke pawindo chiwerengeni: dzina la mwana lalembedwa bwino? Tsiku limene ndalama zikuima lilipo? Ngongole yatchulidwa? Masiku oti kholo linalo lizimuona mwana alembedwa? Cholakwika chikonzedwe pomwepo. Jambulitsani makope atatu kapena anayi, lenilenilo mulisunge m'pulasitiki.

Amene amadulidwa ndalama kuntchito, kaya ku esiteti, kusukulu kapena m'boma, akumbukire kuti ofesi ya malipiro inayamba kudula chifukwa cha pepala la khoti, ndipo idzasiya chifukwa cha pepala la khoti basi. Kuuza kapitawo kapena kalaliki wa pa divishoni sikukwanira. Pititsani kope la chigamulo chatsopano ku ofesi ya malipiro yeniyeniyo, wolandirayo asaine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Funsani tsiku limene amatsekera malipiro a mweziwo, chifukwa pepala likafika atatseka kale adzadulanso kamodzi. Malipiro otsatira akatuluka yang'anani pepala lake. Ngati adulabe, bwererani ndi kope losainidwa lija, ndipo za ndalama zimene zadulidwa mopyola tsiku la chigamulo kazinenereni kukhoti, osati kukazilanda pakhomo pa mayi a mwana.